Kapangidwe ka chogwirira mwendo wa droni, kuyambira pa pepala mpaka pa matumba oyesera

Pa boma la Dedza, monganso ku Lizulu ndi ku Ntcheu, amisiri a zitsulo alipo ambiri ndipo manja awo ndi aluso. Amawotcherera mageti, mafelemu a mawindo, ngolo za ng'ombe ndi makaliyala a njinga za kabaza, ndipo pa ntchito zonsezi amatsata lamulo limodzi losalembedwa, lakuti ukakayika kulimba kwa chinthu, onjezerapo chitsulo. Pa ndege lamulo limeneli siligwira, chifukwa galamu iliyonse yowonjezera imadya batire ndi kuchepetsa katundu amene ndegeyo inganyamule, komanso chitsulo chonenepa chimathyoka ndithu ngati bowo lake laikidwa pamalo olakwika. Chimene chimalowa m'malo mwa kuwonjezera chitsulo ndi kuwerengera, kujambula ndi kuyesa.

Chitsanzo chathu ndi chogwirira mwendo wa tayala loterera wa droni ya mapiko, yolemera makilogalamu 12 ikasenza zonse. Ndege zotere si zachilendonso kuno, pakuti mu 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako madroni ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Malire a malangizo ano muwadziwiretu: zipangizo za ndege yonyamula anthu zimapangidwa ndi kuikidwa ndi mabungwe okhawo amene ali ndi chilolezo cha oyang'anira za ndege, ndipo chilichonse chimayenda ndi chikalata chake. Mmisiri asavomere ntchito imeneyo ngakhale atalonjezedwa ndalama zambiri. Ngakhale droniyo, kuiulutsa kumafuna chilolezo cha akuluakulu omwewo.

Chogwiriracho chili ndi ziwalo zochepa. Pali lata lopindidwa kawiri ngati ngalande yozondoka, lokhala ndi msana ndi zipupa ziwiri. Pali mwendo, umene ndi paipi ya aluminiyamu ya ngodya zinayi yolowa pakati pa zipupazo. Pali mabauti awiri odutsa m'zipupa ndi m'mwendo. Ndipo pali timalata tiwiri tokhomedwa ndi maliveti kunja kwa zipupa, tolumikiza zonsezi ku thupi la ndege.

Gawo loyamba: werengerani katundu musanakhudze chitsulo

Ndege ikamatera siitsamira pansi ndi kulemera kwake kokha, imamenya. Pa chitsanzo chathu titenge kuti kutera kwaukali kumene tikufuna kuti chogwirira chipirire ndi kuwirikiza katatu kulemera kwa ndege, ndiye kuti makilogalamu 36. Musagawe nambalayi pa miyendo iwiri, chifukwa mphepo ikawomba cham'mbali ndege imayamba kugunda ndi tayala limodzi, ndipo amene anaimapo pa bwalo la mpira ku Bembeke mwera ukuwomba akudziwa kuti zimenezi sizichitika kamodzikamodzi. Makilogalamu 36 amenewa ndiwo katundu wa malire, amene chogwirira chiyenera kusenza popanda kupindika mpaka kalekale. Pa zomangamanga za ndege katundu wa malire amachulukitsidwa ndi 1.5 kuti apeze katundu womaliza, amene chipangizo chiyenera kusenza osathyoka. Kwa ife ndi makilogalamu 54.

Malo oulukira nawonso alowe m'mawerengero. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yaikulu, kumene mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse, kotero kuti mapiko amafuna liwiro lowonjezera, magawo pafupifupi 8 pa 100, kuti anyamule kulemera komweko. Droni imene inatera mofatsa ku Mtakataka, kumunsi kwa chitsetse cha Golomoti, idzafika pansi mothamanga ikakwera nayo kuno, ngakhale boma lake ndi limodzi.

Tsopano tifike pamene ambiri amaphonya. Tayala silikhala pansi penipeni pa mabauti, limakhala cham'mbali, ndipo mwendo umagwira ntchito ngati mtengo wotembenuzira mwala. Tinene kuti kuchokera pa tayala kufika pa bauti yapafupi pali mamilimita 200 poyeza mopingasa. Mukaika mabauti awiriwo motalikirana mamilimita 40, bauti yakutali idzasenza 54 kuchulukitsa ndi 200 kugawa ndi 40, zimene ndi makilogalamu 270, ndipo yapafupi idzasenza 270 kuphatikiza 54, ndiye kuti 324. Mukawatalikitsa kufika mamilimita 100, yakutali isenza 108 ndipo yapafupi 162. Katundu watsika ndi theka popanda kunenepetsa lata ngakhale pang'ono. Changosintha ndi malo a mabowo. Ndimakumbukira mmisiri wina wachikulire amene ndinamuonetsa ngalande yanga yoyamba, yaifupi ndi mabauti oyandikana. Anaitembenuza m'manja nati, "Mwana wanga, phatikiza malata awiri, chilimba." Ndinayankha kuti, "Bambo, mundilole ndiyambe ndatalikitsa mabautiwa." Tinakhala pansi ndi cholembera, ndipo atawona manambala aja anaseka, nati ndi nzeru yomweyo imene amaikira mahinjesi a geti motalikirana.

Gawo lachiwiri: chitsulo chodziwika dzina

Aluminiyamu amalemera magalamu 2.7 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, pamene chitsulo wamba chimalemera pafupifupi 7.85. Koma aluminiyamu alipo wa mitundu yambiri, ndipo pa maso onse amaoneka chimodzimodzi. Wa mapoto ndi wofewa kwambiri, wa mafelemu a mawindo nthawi zambiri ndi mtundu wa 6063 umene ndi wochepa mphamvu, ndipo zidutswa za pa msika wa zitsulo zakale palibe angakuuzeni kuti ndi mtundu wanji kapena zinapsapo kangati. Pa ntchito ino funani lata la 6061-T6 lokhuthala mamilimita 2, lokhala ndi dzinalo litadindidwa pamwamba pake. Limayamba kupindikiratu likasenza makilogalamu pafupifupi 24 pa kadera ka milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, silichita dzimbiri msanga, ndipo limalola kupindidwa ndi manja. Mitundu ya 2024-T3 ndi 7075-T6 ndi yolimba koposa ndipo ndege zazikulu zimaigwiritsa ntchito kwambiri, koma imang'aluka msanga poipinda ndipo imafuna chitetezo chachikulu ku chinyezi.

Zilembo za T6 zikutanthauza kuti mphamvu ya latalo inabwera ndi kutenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa dongosolo ku fakitale. Moto wa pa shopu umafafaniza mphamvu imeneyo. Mukaliwotcherera, dera loyandikana ndi msoko limataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake kapena kuposerapo, ndipo mukalitenthetsa kuti lipindike mosavuta, mwalisandutsa chitsulo china chimene simunachiwerengere. N'chifukwa chake chogwirira chino chilibe msoko wowotcherera ngakhale umodzi, ngakhale makina owotcherera ali pakona pomwepo.

Gawo lachitatu: chojambula ndi katoni

Jambulani ngalandeyo mbali zitatu, kutsogolo, cham'mbali ndi pamwamba, ndipo miyezo ya mabowo onse muiwerenge kuchokera ku mphepete imodzi yomwe mwaisankha, osati kuchokera pa bowo kupita pa bowo linzake, chifukwa mukatero zolakwika zing'onozing'ono zimaunjikana. Miyezo yathu ndi iyi: utali wa ngalande mamilimita 130, msana 30 poyeza kunja, zipupa 55 chilichonse. M'kati mutsala mamilimita 26, okwanira paipi ya 25 ndi tiwasha topyapyala. Bowo lililonse likhale kutali ndi mphepete mwa lata mowirikiza kawiri kukula kwake, poyeza kuchokera pakati pa bowolo. Bauti ya mamilimita 6 ikufuna 12 kapena kuposerapo, ndipo ife taika 15. Pa mwendo, mabowo adutse pakati penipeni pa msinkhu wa paipi, chifukwa paipi ikamapindika pamwamba ndi pansi pake ndi pamene pamavutika kwambiri, pamene pakati pamakhala popumula.

Pa chojambula musasiye ngodya yakuthwa paliponse. Mu Januwale ndi Epulo 1954 ndege ziwiri za de Havilland Comet zinasweka zili m'mwamba pafupi ndi Italy, ndipo akatswiri a za ndege a ku Farnborough, ku England, ataika thupi la ndege ina m'thanki la madzi n'kumalipopa mobwerezabwereza, anapeza kuti ming'alu inkayambira pafupi ndi ngodya za mipata ya pa thupilo. Chitsulo chimatopa, ndipo aluminiyamu amatopa ngakhale ndi katundu wamng'ono akamabwerezedwa nthawi zambirimbiri. Kutopako kumayambira pa ngodya, pa chipsera kapena pa mphepete yokhakhala.

Mukamaliza, dulani katoni molingana ndi chojambula, muipinde, muiyerekeze pa ndege yeniyeniyo. Apa ndi pamene mumazindikira kuti sipanala siifika pa nati, kapena kuti waya wa batire ukudutsa pamene mumafuna kuika liveti.

Gawo lachinayi: kudula ndi kupinda

Lata lathyathyathya silidulidwa pa mamilimita 140, amene ndi 55 kuphatikiza 30 kuphatikiza 55, chifukwa pokhota chitsulo chimadula njira. Sankhani kaye ukulu wa pokhotapo. Pa 6061-T6 ndi bwino kuti m'kati mwake mukhale mozungulira ngati mbali ya ndodo yokhuthala mamilimita 12, kutanthauza mamilimita 6 kuchokera pakati pa ndodoyo, kuwirikiza katatu kukhuthala kwa lata. Pokhota paliponse pa madigiri 90 pamachotsa mamilimita 8, amene ndi 6 kuphatikiza 2, ku mbali zonse ziwiri zoyandikana napo. Choncho mbali yowongoka ya chipupa ndi 47, ya msana ndi 14, ya chipupa chinacho ndi 47. Chitsulo cholowa m'kukhota kumodzi ndi mamilimita pafupifupi 10.8. Mukaphatikiza mbali zitatuzo ndi pokhota pawiri mupeza 129.6. Amene wadula pa 140 adzapeza ngalande yosagwirizana ndi chojambula, ndipo mabowo ake onse adzasuntha.

Yang'anitsitsani pamwamba pa lata ndipo muona timizere tosaoneka bwino toloza mbali imodzi, totsalira pamene linkapsinjidwa ku fakitale. Mzere wopindira udutse mopingasa timizere timeneti, osati motsatana nato. Polemba gwiritsani ntchito cholembera cha inki chosongoka bwino. Pensulo ya makala imasiya zotsalira zoyambitsa kudyeka kwa aluminiyamu, ndipo msomali kapena chokandira chilichonse chololedwa pa mzere wodulidwa wokha. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa: ndinakanda mzere wopindira ndi nsonga ya msomali monga tinkachitira pa malata a ndowa, ndipo popinda ndinamva kakuti the, mng'alu n'kutsata mzere wanga kuyambira kumapeto mpaka pakati.

Dulani ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, mukusiya theka la milimita kunja kwa mzere, kenako tsirizani ndi tupa ndi sandipepa mpaka chala chiziyenda m'mphepete osakodwa. Kusalaza kumeneku kuchitike musanapinde, makamaka kumapeto kwa mizere yopindira.

Chikombole chopindirapo chisemeni kuchokera ku mtengo wolimba ndi wouma, monga bulugamu wokhwima kapena mlombwa. Paini wa ku Chongoni, ngakhale ali ponseponse kuno ndipo ndi wotchipa, ndi wofewa moti ngodya yake imaphwanyika musanamalize kupinda koyamba. Chikombolecho chikhale chokhuthala mamilimita 26, ngodya zake ziwiri zitazunguliridwa pa muyezo uja wa 6, ndipo mbali zake muzisemere m'kati pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, popeza lata limabwerera m'mbuyo mukalisiya. Panani lata pakati pa chikombole ndi thabwa lina m'vayisi, ndipo mulipinde pang'onopang'ono pomenya thabwa lachitatu loikidwa pa latalo, kuyambira kumapeto kuno kufika uko n'kubwereranso. Hamala ya chitsulo isakhudze aluminiyamu. Mukapitirira muyezo musabweze, chifukwa lata lopindidwa n'kuwongoledwa latopa kale, dulani lina.

Gawo lachisanu: mabowo

Boolani mutapinda kale. Lowetsani mwendo m'ngalande, muupane pamalo pake, ndipo muboole chipupa, mwendo ndi chipupa chinacho nthawi imodzi pa makina oboolera oima chilili, kuti mabowo onse akhale pa mzere umodzi. Yambani ndi kachiboolero ka mamilimita 3, kenako 5.8, ndipo mutsirize ndi reamer ya 6, chida chosalaza bowo ndi kulifikitsa pa muyezo weniweni, kuti bauti ilowe mothina popanda kugwedera. Bowo loyamba likatha, lowetsanimo bauti musanaboole lachiwiri.

Maliveti athu ndi a mamilimita 4, ndipo bowo lake ndi 4.1. Akhale mamilimita 8 kapena kuposerapo kuchokera ku mphepete mwa kalata, ndi 12 kapena kuposerapo pakati pa liveti ndi linzake. Asanu pa chipupa chilichonse, otalikirana 25, akwanira bwino. Mzere wawo ukhale pamwamba pa pamene mwendo ukuthera, kuti mitu yawo isakhule paipi. Taika timalata m'mbali mwa zipupa dala, osati pamsana, chifukwa liveti limalimba pamene malata awiri akufuna kutsetsereka mosemphana, koma ndi lofooka pamene akukokedwa kuti alekane. Mukamaliza, masulani zonse ndi kuchotsa timinga ta m'kamwa mwa bowo lililonse pozunguza ndi zala chiboolero chachikulu kawiri kapena katatu, osapitirira, kuti musakumbe bowolo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: penti ndi maliveti

Nkhungu ya ku Dedza ya mu Juni ndi Julayi imalowa pakati pa malata ophatikizana ndi kukhala momwemo. Choncho tsukani ziwalo zonse ndi sipiriti, muzipake penti yoyambira yopangidwira aluminiyamu, ndipo ziume musanaziphatikize. Bulashi ya waya wachitsulo ndi soda wa kositiki zisayandikire: yoyambayo imasiya tizitsulo toyambitsa kudyeka, winayo amadya aluminiyamu weniweniyo. Ngati thupi la droni ndi la carbon fibre, ulusi wakuda wolimba womatidwa pamodzi, pakati pa ilo ndi timalata tanu paikidwe nsalu yopyapyala ya ulusi wa galasi yotchedwa fibreglass, chifukwa ziwirizi zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu ndiye amadyeka.

Gwiritsani ntchito maliveti olimba a ndege, amene amadziwika ndi kadzenje kakang'ono pakati pa mutu, osati maliveti okoka a m'sitolo za hadiweya, omwe ndi obowoka m'kati ndipo amakhwepa ndi kunjenjemera. Utali wa liveti ndi kukhuthala kwa malata onse awiri kuphatikiza kukula kwa liveti kamodzi ndi theka, ndiye kuti 4 kuphatikiza 6, mamilimita 10. Popeza m'ngalande ndi mopanikiza, lowetsani liveti kuchokera m'kati, mutu wake utsamire pa chitsulo cholemera chokhala ndi kadzenje kolingana ndi mutuwo, chimene mwachipana m'vayisi n'kuvekapo ngalande. Menyani mchira wa liveti kunja molunjika, kangapo kokha. Mutu watsopano ukhale wotambalala mamilimita 6 ndi wotalika 2. Wopendekeka, wong'aluka kapena wophwatalala kwambiri uchotsedwe poboola pakati pa mutu mosamala, ndipo muikepo lina. Yambani ndi liveti lapakati kupita kumapeto, mabowo enawo atagwidwa ndi timabauti tongoyembekezera.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mabauti

Sankhani mabauti olembedwa 8.8 pamutu, okutidwa ndi zinki, okhala ndi thunthu losalala lotalika mokwanira kudutsa zipupa zonse ziwiri. Mazinga a bauti asakhale m'kati mwa bowo, chifukwa amacheka aluminiyamu ngati tupa nthawi iliyonse ndege ikatera. M'kati mwa paipi ya mwendo, pamene bauti ikudutsa, ikanimo kachitsulo kolimba koboola pakati, apo ayi pomanga nati mudzafinya paipiyo. Nati ikhale yodzitseka yokha, ya pulasitiki m'kati, ndipo mazinga awiri a bauti aonekere kunja kwake. Nati yotere ikayamba kuzungulira ndi zala yatha ntchito. Mitu ya mabauti iloze kutsogolo kwa ndege. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, pafupifupi 10 Nm pa muyezo wa sipanalayo, pa bauti ya mamilimita 6, kenako jambulani kamzere ka penti kuchokera pa nati kufika pa lata, kuti nati ikasuntha mudzaone ndi maso.

Gawo lomaliza: kuyesa ndi kulemba

Pangani zogwirira zitatu, ziwiri za pa ndege ndi chimodzi choyesera. Choyeseracho chimangeni chozondoka pa benchi yolimba kudzera m'timalata take, monga chidzamangidwire pa ndege, ndipo pamalo a tayala mukolekepo chingwe. Yezani ndi kulemba msinkhu wa nsonga ya mwendo kuchokera pansi. Kolekani matumba a mchenga oyezedwa pa sikelo, makilogalamu asanu kapena khumi nthawi imodzi, mapazi anu ali kutali, mpaka afike 36. Chotsani matumbawo ndi kuyezanso: nsonga iyenera kubwerera pamene inali. Ikabwerera, kolekaninso mpaka 54, kuposa pang'ono thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo chogwirira chisenze kwa masekondi osachepera atatu osathyoka, monga malamulo a zomangamanga za ndege amafunira. Chikapindika pang'ono pa katundu ameneyu si cholakwa, koma chimenecho chisakwerenso pa ndege.

Masulani choyeseracho ndi kuyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu m'mabowo a mabauti ngati atambasuka kukhala ngati dzira, kunja kwa mokhota ngati muli timing'alu, ndi pa mitu ya maliveti ngati yapendekeka. Chikalephera, malo amene chalepherera ndi amene mukasinthe pa chojambula, ndipo muyesenso ndi china chatsopano.

Ziwiri zotsalazo ziyezeni pa sikelo ya magalamu. Ngalande yokha, musanaboole, iyenera kulemera magalamu pafupifupi 90. Ya chitsulo wamba ya miyezo yomweyo ikanaposa 260. Lembani nambala pa chilichonse ndi inki, osati ndi chodindira chomenya, ndipo m'kope la ndegeyo mulembe nambalayo, tsiku, mtundu wa lata ndi kumene linagulidwa, chojambula chimene mwatsata ndi zotsatira za kuyesa. Mukazimanga pa ndege, yezaninso pamene ndegeyo ikulinganira kulemera kwake kutsogolo ndi kumbuyo musanaiulutse. Ikatera koyamba yang'anani timizere ta penti pa manati, ndipo muzichita chimodzimodzi ikatera mwaukali nthawi ina iliyonse. Mukaona kafumbi kakuda kozungulira mutu wa liveti, ndiye kuti livetilo layamba kugwedera m'bowo lake, ndipo lichotsedwe ndege isanaulukenso.